Kodi mayi amene anayambitsa Sesame Street analidi mphunzitsi?

mphunzitsi_wachitsikana analemba:

Moni nonse abale. Ndili ndi funso ndipo ndikupempha amene akudziwa bwino andithandize. Ine ndinachita za uphunzitsi ndipo panopa ndikuphunzitsa ana ang'onoang'ono, ntchitoyi ndimaikonda sindinganame, koma mtima wanga kuyambira kale umathamangira ku zokonza mapulogalamu a pa TV makamaka a ana. Ndikawauza anzanga ena amati ndiye kuti zaka zonse za ku koleji zija zalowa m'madzi, ena amati ziwirizi sizigwirizana nkomwe, producer ndi munthu wa makamera ndi mabajeti pomwe mphunzitsi ndi wa choko ndi bolodi basi.

Nde wina anandiuza kuti amene anayambitsa Sesame Street ku America, pulogalamu ija ya zidole ya Big Bird ndi Elmo, anali mzimayi komanso mphunzitsi. Kodi ndi zoona zimenezi? Anaphunzitsapo mkalasi kapena anangokhala ndi pepala? Nanga mu TV analowa bwanji? Chimene ndikufunitsitsa kumva nchakuti uphunzitsiwo unawathandiza chani pa ntchito ya u-producer, chifukwa ngati unawathandiza ndiye kuti nanenso ndili ndi poyambira.

wokonda_mbiri anayankha:

Achemwali, mayi mukuwanenawo ndi a Joan Ganz Cooney. Anabadwa mu 1929 ku Phoenix, Arizona, ndipo digiri yawo inalidi ya zamaphunziro, anaitenga ku University of Arizona mu 1951. Koma tisanamizane, mkalasi simunali moyo wawo. Iwo ankafuna zisudzo, bambo awo anakana, nde anatenga za uphunzitsi chifukwa masiku amenewo mtsikana wophunzira ndi kumene anthu ankayembekezera kuti apite. Atamaliza anakagwira ntchito yotayipa makalata ku State Department, unduna wa za maiko akunja wa America, ku Washington, kenako anabwerera kwawo nkukhala mtolankhani wa nyuzipepala ya Arizona Republic, mu 1953 anasamukira ku New York. Kumeneko kwa zaka pafupifupi 10 ntchito yawo inali yolengeza mapulogalamu a anthu ena kuti atchuke, ku makampani a wailesi ndi TV ngati RCA, NBC ndi ena. Ndiye mukuona kuti analowera chakumbali, sanayambire pa kamera.

U-producer unabwera pamene mumzindamo munatsegulidwa TV ya zamaphunziro, Channel 13, nthawi imeneyo ikutchedwa WNDT. Iwo anapita kukafunsira ntchito yolengeza ija imene ankaidziwa, akuluakulu a pamenepo nkuwauza kuti amene akusowa ndi ma producer. Anavomera ngakhale malipiro anali otsika kuposa kumene ankachokera. Anayamba kupanga ma documentary ndi mapulogalamu a zokambirana, ambiri okhudza umphawi, ina inali ya ana a sukulu ya mkaka ku Harlem, dera lina la mu New York momwemo, ndipo ina ya nkhani ya umphawi yomweyo inawapezetsa mphoto ya za TV yotchedwa Emmy, ya m'dera la New York. Paja iyi inali nthawi ya pulezidenti Lyndon Johnson, mu 1965 boma linayambitsa Head Start yothandiza ana a m'mabanja osauka asanayambe sukulu, anthu anali atayamba kuvomereza kuti m'mera mpoyamba, mwana akafika mkalasi yoyamba osadziwa ngakhale chilembo chimodzi pomwe anzake akuwerenga mpaka 20 amavutika kuti awapeze.

Zonse zinasintha ndi chakudya chamadzulo chimene mayiwa anakonza kunyumba kwawo mu 1966. Mmodzi mwa alendo anali Lloyd Morrisett wa ku Carnegie Corporation, bungwe lopereka ndalama zothandizira maphunziro, amene anali katswiri wa za kaganizidwe ka anthu. Bamboyu anali atapeza mwana wake wazaka 3 m'mamawa atakhala patsogolo pa TV akuyang'anitsitsa chithunzi chija chongoima chimene ankaika mapulogalamu asanayambe, kudikira makatuni. Nde anafunsa patebulopo ngati TV ingathe kuphunzitsa ana. Carnegie inapereka ndalama kuti mayi Cooney akafufuze, iwo anazungulira America ndi Canada kucheza ndi aphunzitsi, akatswiri a kakulidwe ka ana ndi anthu a TV, nkulemba lipoti. Mfundo yawo yaikulu inali yosavuta kumva: ana ang'onoang'ono ankaimba pamtima nyimbo za ma advert a mowa, palibe anawaphunzitsa, ndiye bwanji osagwiritsa ntchito njira yomweyo, kanthu kakafupi, kanyimbo kokoma, kobwerezabwereza, koma chotsatsidwacho chikhale chilembo kapena nambala. Nchifukwa chake kumapeto kwa pulogalamu ankanena kuti yakufikirani mothandizidwa ndi chilembo chakuti ndi nambala yakuti.

Mu 1968 anakhazikitsa bungwe lopanga Sesame Street lotchedwa Children's Television Workshop ndi ndalama zokwana madola 8 miliyoni zochokera ku Carnegie, Ford Foundation, boma la America ndi ena. Apa mpamene panali nkhondo chifukwa ena mwa opereka ndalamawo sankafuna kuti mzimayi, amene sanayendetsepo bungwe lalikulu, akhale mkulu, ngakhale kuti ganizo lonse anali atalilemba yekha. Pamapeto pake anawapatsa mpandowo ndipo anakhala mmodzi mwa amayi oyambirira kutsogolera bungwe la TV ku America. Pulogalamu inayamba kuonetsedwa pa 10 November 1969, chaka choyamba anapanga zigawo 130 za ola limodzi chilichonse. Mu 1970 komiti ina ya boma la Mississippi inaletsa pulogalamuyi chifukwa inkaonetsa ana akuda ndi azungu akusewera limodzi, koma nkhani itatuluka m'manyuzi chiletsocho chinachotsedwa patatha masiku 22. Mayiwa anatsogolera bungweli mpaka 1990, pakatipo anatulutsanso The Electric Company mu 1971 ya ana okulirapo amene kuwerenga kumawavuta, ndi 3-2-1 Contact mu 1980 ya sayansi. Mu 1995 analandira Presidential Medal of Freedom.

Ndiye kuyankha funso lanu, mphunzitsi wa choko ayi sanali, koma ana amene aphunzira ABC kudzera mu ntchito yawo palibe kalasi ingawakwane.

aphunzitsi_opuma anayankha:

Mwanangu, ine ndakalambira mkalasi ndipo mawu omaliza a achimwene ali pamwambawa andikhudza, ndiye ndilankhuleko. Mbiri ayifotokoza bwino, koma kunena kuti TV yaphunzitsa ana ambiri kuposa kalasi tisamale nako. TV siona nkhope ya mwana. Siidziwa kuti uyu wabwera osadya, uyu akulemba b m'malo mwa d, uyu wangoti chete chifukwa kunyumba kuli mavuto. Mwana akhoza kuimba alifabeti yonse bwinobwino koma ukamuloza chilembo chapakati osachizindikira, zimenezo mphunzitsi aliyense wa ana aang'ono wakumana nazo.

Ndipo si ine ndekha wokayika. BBC inakana kuonetsa Sesame Street mu 1971, mkulu wa mapulogalamu a ana kumeneko Monica Sims sanagwirizane ndi kaphunzitsidwe kake. Ena ankadandaula za liwiro, kuti zinthu zikamasinthasintha mwachangu chonchija mwana azolowera kusangalatsidwa ndipo akadzafika kwa mphunzitsi amene alibe zidole adzatopa naye. Kafukufuku woyamba wa bungwe la za mayeso la ku America lotchedwa Educational Testing Service mu 1970 ndi 1971 anapezadi kuti ana amene ankaonera kwambiri ankaphunzira zambiri, izo nzoona, koma akatswiri ena ataunikanso zotsatirazo ananena kuti mbali ina ya phindulo inkachokera kwa akuluakulu amene ankalimbikitsa anawo kuonera. Ndiye munthu wamkulu pambali pa mwana anali wofunikabe.

Sindikukuletsa ayi, TV ya ana ikufunika anthu odziwa ana. Chimene chimandipweteka ine nchakuti aphunzitsi abwino a makalasi oyambirira ndi amene amachoka msanga, ndipo makalasi amenewo ndi ofunika kuposa onse. Ngati ukupita pita chifukwa ukuona chimene ukachite kumeneko, osati chifukwa choti anthu amanyoza choko.

mkonzi_wa_musitudiyo anayankha:

Amayi mwanena zoona ndipo anthu a Sesame Street enieniwo sananenepo kuti akulowa m'malo mwa mphunzitsi, cholinga chinali kumukonzekeretsa mwana asanafike kwa inu. Koma sisi amene wafunsayu ndimuyankhe ngati munthu amene ndimagwira ntchito imeneyi, chifukwa anzakewo akumusokoneza.

Choyamba producer si munthu wa kamera. Kamera ili ndi mwini wake, magetsi ali ndi mwini wake, editing ili ndi mwini wake, director ndi amene amayendetsa zojambula tsiku la shooting. Producer ndi amene amagwira chinthu chonsecho kuyambira chili ganizo mpaka chifike kwa oonera, amasaka ndalama, amalemba anthu ntchito, amapanga bajeti ndi ndandanda, amavomereza script, amakangana ndi a siteshoni za nthawi yoonetsera, ndipo chachikulu kwambiri amakumbutsa aliyense kuti pulogalamuyi tikupangira ndani komanso tikufuna achokepo ndi chani. Chomalizachi ndi chimene ambiri a ife timalephera, timatengeka ndi kukongola kwa chithunzi nkuiwala mwana, ndipo mphunzitsi amene amalemba lesson plan tsiku ndi tsiku ali nacho kale m'magazi.

Taonani mmene mayi Cooney anachitira. Iwo ankadziwa kuti pulogalamu ya ana ya tsiku ndi tsiku sanapangepo, nde anakatenga anthu amene anagwirapo ntchito pa pulogalamu ina ya ana yotchedwa Captain Kangaroo, Dave Connell, Jon Stone ndi Sam Gibbon, anabweretsanso Jim Henson ndi zidole zake. Mbali yachiwiri anaika Gerald Lesser wa ku yunivesite ya Harvard amene mu 1968 anachititsa misonkhano ya akatswiri kuti alembe zolinga, osati zolinga zouluka ngati kuthandiza ana kukula bwino ayi, koma zoti ungaziyeze, mwana athe kuzindikira chilembo ichi, awerenge kufika apa, asiyanitse chachikulu ndi chaching'ono, aone chimene sichikugwirizana ndi zinzake pa zinthu zinayi. Wolemba script aliyense ankayenera kudziwa kuti kachigawo kake kakuphunzitsa cholinga chiti. Imeneyo si silabasi kodi?

Mbali yachitatu ndi imene ine imandisangalatsa kwambiri. Edward Palmer, mkulu wa zofufuza, ankatenga kachigawo kamene ajambula nkukakaonetsa ana enieni, pambali pa TV nkuika sikirini ina imene inkasintha zithunzi pafupifupi masekondi 7 kapena 8 aliwonse, dala kuti imukope mwana. Wofufuza amakhala pambali nkumalemba nthawi iliyonse imene maso a mwana achoka pa TV. Akaphatikiza za ana onse ankatha kuwauza olemba kuti apa ana anali nanu, apa munawataya. Ndipo zimenezi zinasintha pulogalamu yeniyeniyo. Poyamba akatswiri analangiza kuti zidole zisamaoneke limodzi ndi anthu kuopa kusokoneza ana pa za zenizeni ndi zongopeka, koma atayesa zigawo zoyeserera ku Philadelphia mu 1969 anapeza kuti zidole zikachoka nkutsala akuluakulu okhaokha akucheza pamsewu pamene nkhani za pulogalamuyi zimachitikira, ana ankayang'ana kumbali. Ma producer anasiya langizo la akatswiri nkutsatira maso a ana, ndi mmene Big Bird ndi chidole china chotchedwa Oscar anafikira pamsewupo kumacheza ndi anthu. Apa mpamene ndimaona kuti mayiwa anali producer weniweni, anakhazika pamodzi anthu a zisudzo ndi maprofesa amene mwachibadwa sagwirizana, nkuwachititsa kuti onse amvere mwana wazaka 4.

Ngakhale nkhani zolemera ankazichita chimodzimodzi. Will Lee, amene ankasewera ngati Mr. Hooper wa kagolosale, atamwalira mu 1982, sananamize ana kuti wasamuka kapena kuika munthu wina m'malo mwake, anakambirana ndi akatswiri za mmene mwana amamvera imfa nkupanga chigawo chimene chinaonetsedwa mu November 1983, akuluakulu akumufotokozera Big Bird mosabisa kuti bamboyo sadzabweranso komanso kuti iwo alipo amusamalira. Njira yomweyi ndi imene anapita nayo kumaiko ena, sankangotumiza matepi aku America, ankapanga ndi anthu a m'dzikomo, Mexico ndi Brazil mu 1972, Germany mu 1973, South Africa mu 2000 ndi Takalani Sesame imene mu 2002 inabweretsa chidole chotchedwa Kami, kamtsikana kamene kali ndi kachilombo ka HIV, kuti ana aleke kusala anzawo.

Za phindu lake amayi, palinso kafukufuku wa 2015 wa Melissa Kearney ndi Phillip Levine. Iwo anayerekeza madera amene siginolo ya pulogalamuyi inkagwira bwino pachiyambi paja ndi madera amene inkavuta, anapeza kuti ana a kumene inkagwira bwino ambiri ankakhala mkalasi yogwirizana ndi msinkhu wawo, makamaka anyamata ndi ana a m'madera osauka.

bambo_wa_mapasa anayankha:

Ndawerenga zonse ndipo ndikuona kuti pali munthu wina amene akuyenera kutchulidwa chifukwa akuyankha nkhawa ya amayi ija ya liwiro, ameneyu ndi Fred Rogers. Anabadwa mu 1928 ku Latrobe, Pennsylvania, anaphunzira za nyimbo ku Rollins College, anayamba ntchito ku NBC ku New York mu 1951 kenako nkupita ku siteshoni ya TV ya WQED ku Pittsburgh kumene ankagwira zidole ndi kuimba kuseri kwa kamera. Mu 1963 anadzozedwa ubusa mu mpingo wa Presbyterian koma sanapatsidwe mpingo woti aziweta, utumiki wake unali wa ana kudzera pa TV. Pulogalamu yake Mister Rogers' Neighborhood inayamba kuonetsedwa dziko lonse mu 1968 mpaka 2001, zigawo 895, iyeyo ndi amene ankalemba ma script ambiri, kupeka nyimbo, kulankhulitsa zidole zambiri ndi kuyendetsa zonse.

Iye anatenga njira yosiyana kotheratu. Palibe kuthamanga, amalowa, amavula jekete nkuvala juzi, amasintha nsapato, amalankhula pang'onopang'ono akuyang'ana mu kamera ngati akulankhula ndi mwana mmodzi yekha, akafunsa funso amadikira kuti mwana ayankhe. Za ABC sizinali zake kwenikweni, iye ankalimbana ndi zamumtima, mantha, mkwiyo, kutha kwa banja la makolo, imfa. Ndipo naye sankangodalira nzeru zake, kwa zaka zambiri ankakumana ndi Margaret McFarland, katswiri wa za ana ku University of Pittsburgh, kukambirana zimene akulemba. Mu May 1969 anakaonekera ku komiti ya Senate pamene ndalama za TV ya anthu onse, madola 20 miliyoni, zinkafuna kudulidwa pakati, analankhula mphindi zochepa chabe mofatsa ndipo senator John Pastore amene ankatsogolera komitiyo anagonja pomwepo. Chaka chomwecho, nthawi imene kusankhana mitundu kumalo osambirira kunali nkhani yotentha, anaitana François Clemmons, munthu wakuda amene ankasewera ngati wapolisi, kuti aviike mapazi limodzi naye m'kadziwe kamodzi pa TV. Anamwalira mu 2003.

Ine ngati kholo ndimaona kusiyana kwake pa ana anga, akaonera zothamanga amadzuka pampando ali piringupiringu, akaonera zofatsa umatha kucheza nawo za zimene aona. Ndiye achemwali mukalowa mu ntchitoyi musaganize kuti njira ndi imodzi, ana akufunika zonse ziwiri, ndipo zofatsazo ndi zimene zikusowa kwambiri masiku ano a YouTube.

mphunzitsi_wachitsikana anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Amayi mawu anu ndawamva ndipo ana anga sindiwasiya pakati pa chaka, zimenezo ayi. Achimwene a musitudiyo, nkhani ija ya kuyang'ana maso a ana yandigwira mtima chifukwa ndi zimene ndimachita tsiku lililonse ndikamaphunzitsa. Nanga munthu amene alibe madola 8 miliyoni kapena situdiyo angayambire pati? Ndibwererenso ku sukulu kukachita za TV kaye kapena?

mkonzi_wa_musitudiyo anayankha:

Sukulu ndi yabwino sisi ngati mpata ulipo, makamaka kakosi kakafupi ka kulemba script ndi editing, koma musadikire imeneyo. Tengani phunziro limodzi limene mukudziwa kuti ana anu limawavuta chaka chilichonse, limodzi lokha, mwina b ndi d amene amayi anena uja. Lembani kachigawo ka mphindi ziwiri kapena zitatu, pamwamba pa pepala lembani chimene mwana azitha kuchita akaonera. Jambulani ndi foni koma samalani kwambiri mawu, chithunzi chosaoneka bwino ana amachipirira koma mawu osamveka ayi, ndiye pezani kamaiki kakang'ono ndi chipinda chopanda phokoso. Ngati mukujambula ana pemphani chilolezo cholembedwa kwa makolo ndi akuluakulu a sukulu, ndipo nyimbo pekani zanu, musatenge za eni ake.

Mukatha kaonetseni ana ochepa amene si a mkalasi mwanu, chifukwa anuwo adzaonera pongokukondani. Muwafunse mafunso angapo asanaonere ndi ataonera, ndipo akamaonera inu musayang'ane sikirini, yang'anani iwowo nkumalemba pamene atembenuka. Mukakonza ndi kujambulanso, sungani zonse ziwiri pamodzi ndi zimene munalemba zija. Mukadzapita kukafunsira ntchito kapena kukapempha ndalama mutenge zimenezo, ndipo ngati atakupatsani ya researcher kapena assistant producer pa pulogalamu ya wina muilandire, mabajeti ndi ma call sheet, ndandanda za tsiku lojambula, mukaphunzirira pamenepo.